Dahlia: Kumusamala Ngakhale M'miyezi Imene Saoneka

 Ndapemphedwa kulankhula za duwa limodzi lokha, dahlia, ndipo ndiyamba ndi dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu amene anayesapo kumubzala. Munthu amagula dahlia wa m'chubu kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, atachita kale maluwa. Amakamuika pakhomo n'kusangalala naye miyezi iwiri kapena itatu. Kenako masamba amachita chikasu, tsinde n'kuuma. Ena amazula n'kukataya kudzala. Ena amalimbikira kuthirira m'mawa ndi madzulo, poganiza kuti lavuta ndi ludzu, ndipo mvula ikadzagwa pamalopo sipatuluka kanthu. Onsewa amafika pa chigamulo chimodzi, chakuti dahlia ndi duwa lachizungu, losachedwa kufa, la chaka chimodzi.

Chigamulochi n'cholakwika pawiri. Dahlia si wa chaka chimodzi. Chimene chimauma ndi cha pamwamba chokha. Pansi pamakhala patatsala mizu yonenepa imene yasunga chakudya cha chaka chamawa, ndipo phata limodzi, mukalisamala, mudzagawirako abale ndi anansi kwa zaka zambiri. Komanso dahlia si wa ku Ulaya. Kwawo ndi kumapiri a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo monga Guatemala. Mfundo imeneyi ingaoneke ngati ya m'kalasi chabe, koma ndi imene imatiuza nthawi yobzala, nthawi yosiya kuthirira, ndi chimene tiyenera kuopa.

Kutchire kumeneko kuli mitundu ya dahlia pafupifupi 40. Yambiri ili ndi maluwa wamba, a timasamba 8 tozungulira pakati pachikasu. Wina, wotchedwa Dahlia imperialis, amatha kutalika mamita 6 kapena kuposa. Anthu a mtundu wa Aztec ankamudziwa bwino dahlia ndipo ankadya mizu yake. Francisco Hernández, dokotala wa Mfumu Philip II ya ku Spain, amene anatumidwa ku Mexico mu 1570 kukafufuza zomera, analemba za duwali, koma panapita zaka zoposa 200 lisanawoloke nyanja. Mu 1789 Vicente Cervantes, amene ankayang'anira munda wa zomera mumzinda wa Mexico City, anatumiza mbewu kwa Antonio José Cavanilles ku Madrid. Mu 1791 Cavanilles analitcha duwalo Dahlia pokumbukira Anders Dahl wa ku Sweden, wophunzira wa Carl Linnaeus, amene anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Azungu anayesa kudya mizu ija koma sinawakomere. Chimene chinawagwira mtima ndi kusinthasintha kwa duwali, moti lero kaundula amene bungwe la Royal Horticultural Society limasunga ku Britain ali ndi maina a dahlia oposa 50,000, kuyambira timaluwa ta masentimita 5 mpaka maluwa aakulu a masentimita 30. Alipo ofiira, oyera, achikasu, apinki, ofiirira pafupifupi kuda. Wabuluu weniweni palibe. Mukaona pa intaneti wina akutsatsa njere za dahlia wabuluu, chithunzicho anachita kuchipaka utoto pa kompyuta, ndalama zanu musataye. Eni ake a ku Mexico analisankha kukhala duwa la dziko lawo mu 1963, pa ulamuliro wa Adolfo López Mateos. Ndipo kwa amene mumamuona dahlia ngati mlendo wolemekezeka, dziwani kuti ali pachibale ndi mpendadzuwa, komanso pachibale chapafupi kwambiri ndi chisoso chimene timatchola kumunda n'kuphika ndiwo.

Tsopano tione nyengo ya kwawo. Mexico City ali pamtunda wa mamita 2,240 kuchokera panyanja. Mvula imagwa kuyambira cha mu Meyi kapena Juni mpaka Okutobala, kenako kumauma mpaka Epulo. Masana kumafunda koma osati kwambiri, usiku kumazizirira. Dahlia wakutchire amamera m'malo otsetsereka momwe madzi sakhalitsa. Anazolowera kukula mofulumira mvula ikugwa, kusunga chakudya pansi, ndi kugona m'nthaka youma gwa kwa miyezi ingapo. Sunthani miyezi imeneyi ndi theka la chaka, mupeza kalendala yathu: dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako kuuma. Ku Dedza, ku Tsangano, pa phiri la Zomba, ku Mzuzu, ku Angónia, nyengo ikufanana ndi ya kwawo kwa dahlia kuposa mmene ya ku London ingafanane nayo.

Vuto ndi lakuti mabuku ambiri onena za dahlia analembedwa ku England ndi ku America, ndipo kumeneko mdani wamkulu ndi chisanu. Usiku umodzi wokha kukazizira mpaka madzi kuundana, masamba onse amada bii, ndipo nthaka ikaundana mizu imasanduka phala. N'chifukwa chake amamuika m'gulu la maluwa osapirira chisanu, ndipo malangizo awo onse amazungulira pamenepo. Kuno kwathu, kupatula ku Nyika ndi m'madambo ena a kumtunda mu Juni ndi Julayi, chisanu chotere n'chosowa. Chimene chimatiphera dahlia ife ndi madzi obwera pa nthawi yolakwika, kutentha kwa Okutobala, ndi chiswe. Choncho mukawerenga buku lakuti bzalani mu Meyi, kumbani mu Novembala, musakopere miyeziyo. Funsani kuti wolembayo akuthawa chiyani pa mwezi umenewo, ndiye muone ngati chinthucho chiliko kwanu.

Taonani phata ili ndanyamulali, ndilidutsitsa kuti aliyense aligwire, koma chonde muligwire pansi, osati polendewera. Pakati pali chitsa cha tsinde la chaka chatha, champhako m'kati. M'munsi mwake mukulendewera mizu yonenepa, imene ndiziitcha mbatata popeza ikufanana ndi mbatata ya kholowa. Kufananaku ndiko kumasocheretsa anthu. Mbatata ya kholowa mukaisiya pansi imaphuka yokha, ndipo ya kachewere ili ndi maso thupi lonse. Ya dahlia ilibe diso ndi limodzi lomwe pathupi pake. Yang'anani bwino: mbatata iliyonse ili ndi thupi, kenako khosi lowonda, ndipo khosilo likukalumikizana ndi malo otupa m'munsi mwa chitsa. Pamalo otupawo pokha ndi pamene pali maso, titotupa ting'onoting'ono tofiirira kapena toyera. Mphukira imachokera pamenepo basi.

Ndiye mnzanu akakuthyolerani mbatata yaikulu yonona, koma yopanda kachidutswa ka pamutu paja, wakupatsani chinthu chosabala. Mukhoza kuibzala, ikhoza kutulutsa timizu n'kukhala yamoyo miyezi ingapo, koma siidzaphuka. Chimodzimodzi mbatata yothyoka khosi: diso lilipo, chakudya chilipo, koma njira ya pakati yaduka. Pogula kapena polandira, finyani thupi mumve ngati lili lolimba, gwedezani pang'ono muone ngati khosi lili lamphumphu, ndipo funani diso. Kukula kwake kusakunyengeni. Kambatata ka masentimita 5 kokhala ndi diso kamatulutsa chomera chachikulu chimodzimodzi, chifukwa ntchito ya mbatata yakale n'kungodyetsa mphukira mpaka itapeza mizu yakeyake.

Nthawi yobzala kwa ambiri a ife ndi kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala. Koma walira mvula walira matope. Mbatata imene yangoikidwa pansi ilibe mizu, siimwa madzi, ndipo ikakhala m'dothi lonyowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri imaola isanaphuke. Apa ndi pamene anthu ambiri amaluza, makamaka a m'dothi lamakande. Njira zopewera ndi ziwiri, ndipo ine ndimalimbikitsa kuti muchite zonse. Yoyamba, musabzale pansi pathyathyathya. Ungani mzere kapena bedi lokwera masentimita 20 mpaka 30, kuti mvula ya Januwale izidutsa m'mbali. Yachiwiri, yambitsani mbatata zanu m'machubu kapena m'zitini zobowola pansi, pakhonde, mu Okutobala, m'dothi longonyowa pang'ono. Zikatulutsa mphukira ya masentimita 10 kapena 15, ndiye kuti zili ndi mizu yomwera madzi, ndipo mukhoza kuwokera kumunda osaopa mvula.

Malo akhale owomba dzuwa kwa maola osachepera 6, makamaka la m'mawa. M'madera ofunda ngati Lilongwe ndi bwino kuti masana pazifika kamthunzi, pakuti kutentha kukadutsa madigiri 30 dahlia amafooka, amasiya kuchita maluwa, ndipo amene alipo amatuwa. Kwa abale athu a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, ndinene mosabisa kuti dzinja la kwanuko si la dahlia. Ngati mukumufunabe, tengerani alimi a m'zigwa za ku India, amene amamulima m'nyengo yozizira: bzalani mu Epulo kapena Meyi n'kumathirira. Adzakhala wamfupi ndipo adzafulumira kuchita maluwa chifukwa masiku amakhala aafupi, koma maluwa mudzawaona.

Dothi likhale lofewa, losakaniza ndi kompositi kapena manyowa owolerana bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi, zimaotcha. Musanaike mbatata pansi, yambani mwazika mtengo wochirikizira, nsungwi kapena chitsulo cha mita imodzi ndi theka. Mukadikira kuti chomera chikule ndiye muzike, mudzabaya mbatata pansi osadziwa, ndipo pabalapo ndi polowera chiswe ndi kuola. Kumbani dzenje la masentimita 10 mpaka 15, goneketsani mbatata cham'mbali, diso likuyang'ana kumwamba pafupi ndi mtengo uja, ndipo kwirirani. Mitundu italiitali italikirane masentimita 60 mpaka 90, ifupiifupi 30 mpaka 45. Mukatero, keni yothirira ikhale patali mpaka mutaona nsonga yobiriwira, pokhapokha ngati dothi lauma kwenikweni.

Akangophuka n'kuyamba kukula, dahlia amasintha khalidwe. Yemwe uja ankaopa madzi tsopano ndi waludzu, chifukwa masamba ake ndi ambiri ndipo tsinde lake ndi lamadzimadzi. Pa nthawi ya ng'amba muthirireni mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata, madzi alowe pansi, osati kungowaza pamwamba tsiku ndi tsiku. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti mizu izizizirira, koma udzuwo usakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimayambira m'udzu.

Pa nkhani ya feteleza ndichedwepo pang'ono, popeza pali chizolowezi chimene chafala. Urea wotsala kumunda wa chimanga amathera m'maluwa. Urea ndi nayitrojeni yekhayekha, magawo 46 pa 100 alionse, ndipo nayitrojeni ndi wa masamba. Dahlia wodyetsedwa Urea amabiriwira mochititsa kaso, amatalika, alendo n'kumayamikira, koma tsinde lake limakhala lofewa, maluwa amachedwa ndipo amachepa. Choipitsitsa n'chakuti mbatata zake zimakhala zamadzi ndipo sizisungika. Mwini amadzadabwa mu Ogasiti kuti zaoleranji, osakumbukira dzanja la Urea limene anathira mu Januwale. Ngati dothi lili ndi kompositi wokwanira, kadzanja kamodzi ka D Compound pobzala, ndi kena pamene timitu ta maluwa tayamba kuoneka, n'kokwanira. Phulusa lochepa limathandizanso.

Chomera chikafika masentimita 30 kapena 40, chili ndi masamba awiriawiri pa mfundo zitatu kapena zinayi, tsinani nsonga ya pamwamba. Ndikudziwa kuti dzanja limakana. Koma mukachisiya chidzathamangira kumwamba ndi tsinde limodzi n'kukupatsani duwa limodzi loyambirira, pamene mukatsina, mfundo iliyonse imatulutsa nthambi ziwiri ndipo maluwa amachuluka. Muzimangirira kumtengo uja chikamakula, ndi kansalu kofewa, osati waya. Tsinde la dahlia ndi lamphako, ndipo duwa lalikulu likamwa mvula limalemera, kamphepo kamodzi n'kuthyola nthambi yonse. Amene mukufuna maluwa akuluakulu a paukwati kapena a kutchalitchi, yang'anani kunsonga kwa nthambi: pamakhala timitu titatu, kamodzi pakati, tiwiri m'mbali. Chotsani tam'mbalito tikadali tating'ono kuti mphamvu yonse ipite kwa kapakati. Kuyambira tsiku lobzala, maluwa oyamba muwayembekezere pakatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu.

Pali kaluso kena kamene kamasiyanitsa mlimi wozolowera ndi wachilendo. Duwa likatha, timasamba take tikayoyoka, chotsalacho chimatsekanso n'kuoneka ngati kamutu ka duwa losamasula. Anthu amachisiya podikira kuti chimasule, kapena amadula timitu tabwino poganiza kuti n'takale. Kusiyana kwake n'kotere: kamutu katsopano ndi kozungulira, kophwatalala pang'ono pamwamba, kolimba mukakafinya. Kakale ndi kosongoka, kofewa, ndipo nthawi zina kamatuluka madzi. Tosongokato dulani, ndipo mudule ndi phesi lake mpaka pa mfundo ya masamba. Mukatisiya, chomera chimayamba kukhwimitsa njere n'kuleka kuchita maluwa. Odulira m'nyumba muwadule m'mawa, atamasula kale pafupifupi onse, chifukwa dahlia akadulidwa ali kamutu samasulanso m'botolo. Ngakhale mutasintha madzi tsiku lililonse, sapitirira sabata. Amene mukuganiza zogulitsa, msika wanu ukhale wapafupi.

Za tizirombo ndingodutsa, pakuti n'zomwe mumazidziwa kale kudimba: nkhono ndi mbozi zodula pamene mphukira zili zanthete, anunkhadala, nsabwe za m'masamba, akangaude ofiira kukatentha, ndi nguwi yoyera pamasamba kumapeto kwa nyengo, imene imachepa mukasadzula masamba a m'munsi kuti mpweya uzidutsa. Chimodzi chokha ndiye ndichitsindike. Mukaona chomera chopinimbira, masamba ake ali ndi mawanga achikasu kapena opiringizika pamene anzake ali bwino, kawirikawiri ndi vayirasi. Mankhwala ake kulibe, ndipo amakhala m'mbatata momwe, chaka ndi chaka. Nsabwe zimamufalitsa, mpeni wanu nawonso. Zulani chonse, muotche, ngakhale duwa lake likhale lokongola chotani. Ndipo muzitsuka mpeni m'madzi othira Jik pang'ono musanachoke pa chomera china kupita pa china.

Tsopano tafika pa gawo limene ndabwerera. Dahlia amayesa kutalika kwa usiku. Usiku ukayamba kutalika kuposa usana, kwa ife kuyambira cha mu Malichi, chomera chimayamba kutsitsira chakudya pansi, ndipo mbatata zatsopano zimanenepa m'masabata omalizawa. Ndiye nthawi imene chomera chikuoneka chotopa, masamba a m'munsi akuchita chikasu, maluwa akuchepa, ndi nthawi imene chikugwira ntchito yofunika kuposa zonse. Musachidule msanga pofuna kuti pakhomo paoneke paukhondo. Chepetsani madzi mu Epulo, siyani kuthirira mu Meyi, ndipo chilekeni chiume chokha. Ku England chisanu ndicho chimauza dahlia kuti agone. Kuno amauzidwa ndi kuuma kwa nthaka, ndipo ngati inu simusiya kuthirira, sauzidwa ndi aliyense. Amangopitirira kutulutsa timphukira tofooka mpaka mbatata zitatheratu kapena kuola.

Funso limene limatsatira ndi lakuti tikumbe kapena tisiye pansi. Ngati dahlia ali pa bedi lakelake lokwera, pamalo pamene sipafika madzi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo chiswe si chambiri, musiyeni. Dulani tsinde, phimbani chitsa kuti madzi asalowe m'mphako, ikani chizindikiro kuti wolima asadzatemepo khasu. Umu ndi mmene amakhalira kwawo. Koma tinene zoona, makomo athu ambiri si otero. Dahlia amakhala m'mphepete mwa kapinga amene amathiriridwa chilimwe chonse, kapena pakati pa maluwa ena aludzu, kapena pafupi ndi potsukira mbale. Ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba kulinso chiperoni, chimene chimanyowetsa nthaka m'miyezi yozizira. M'malo otere, kumbani. Ndipo ngakhale amene mumasiya pansi, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu muyenera kukumba ndithu, chifukwa phata limathithikana, mphukira zimachuluka n'kumalimbirana, maluwa n'kumachepa msinkhu.

Pokumba, dulani tsinde kusiya chitsa cha masentimita 10 mpaka 15. Yambani kukumba patali, masentimita 30 kuchokera pachitsa, kuzungulira konse, ndi foloko ngati muli nayo. Nyamulani phata kuchokera pansi ndi manja awiri. Osakoka chitsa, makosi aja amathyoka mosavuta. Gwedezani dothi pang'onopang'ono, kenako ikani phatalo chadodolido pamthunzi kwa masiku angapo. Chifukwa chake n'chakuti m'mphako muja mumakhala madzi, ndipo akatsalira amaoletsa pamutu pomwe pali maso. Mukatero mangirirani kapepala kapena lembani pa mbatata penipenipo mtundu wake ndi msinkhu wake. Panopa mukuganiza kuti mudzakumbukira. Pofika Okutobala mapata onse adzafanana.

Posungira pake, tengani katoni, thirani utuchi wouma, mchenga kapena mankhusu a mpunga, ndipo kwirirani mapata osagundana. Jumbo yomanga pakamwa ayi, imachititsa thukuta. Ikani katoniyo m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumba mwanu, pamwamba pomwe chiswe ndi makoswe safika, kutali ndi denga lamalata. Mabuku amati pakhale pa madigiri 4 mpaka 10. Ambiri a ife malo otere tilibe, ndipo musade nazo nkhawa: Juni ndi Julayi amatithandiza okha. Miyezi yovuta ndi Seputembala ndi Okutobala, pamene kutentha kumanyalitsa mbatata kapena kuzidzutsa nthawi isanakwane. Kamodzi pa mwezi tsegulani katoni, gwirani imodziimodzi. Yofewa kapena yonunkha idulidwe n'kutayidwa isanapatsire zinzake. Zikayamba kukwinyika, wazani timadzi pang'ono pa utuchi, osati pa mbatata. Zikaphuka mu Seputembala musalimbane nazo, ziikeni m'machubu zipitirize.

Ndipo mukapeza katoni yonse ikuoneka kuti yaola, musafulumire kukhuthula. Mu 1872 munthu wina wogulitsa mbewu ku Netherlands, J. T. van der Berg, analandira katundu wa zomera kuchokera ku Mexico, atafika ataola pafupifupi yense. Anasankhula mosamala n'kupeza kachidutswa kamodzi kamoyo. Kanatulutsa duwa lofiira la timasamba topindikira kumbuyo, tosongoka, losiyana ndi onse amene ankadziwika ku Ulaya. Analitcha Dahlia juarezii pokumbukira Benito Juárez, mtsogoleri wa Mexico amene anamwalira chaka chomwecho, ndipo ndilo kholo la gulu lonse la dahlia amene lero amatchedwa cactus.

Kugawa phata kumaphweka pamene maso ayamba kutupa, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati simukuwaona, ikani phatalo pa utuchi wonyowa pang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, adzaonekera okha. Tengani mpeni wakuthwa, yambani mwang'amba chitsa pakati, kenako dulani kuti gawo lililonse likhale ndi mbatata imodzi kapena ziwiri, khosi lamphumphu ndi diso. Pakani phulusa pabala, siyani liume tsiku limodzi musanabzale. Mbatata yakale ya chaka chatha, yakuda ndi yokhakhala, mukhoza kuitaya. Ngati muli ndi mtundu umodzi wosowa umene mukufuna kuchulukitsa msanga, dulani mphukira za masentimita 7 kapena 8 ndi kachidutswa kakang'ono ka pamutu, zikani mumchenga wonyowa pamthunzi, ndipo m'masabata atatu zimagwira mizu. Zimachita maluwa chaka chomwecho n'kuikanso mbatata zakezake.

Njere nazo zimamera mosavuta, koma musayembekezere kuti mwana adzafanana ndi make. Zomera zambiri zili ndi magulu awiri a makromozomu, timitolo timene timasunga chibadwa. Dahlia wa m'munda ali nawo magulu 8, moti njere za m'duwa limodzi zikhoza kutulutsa ana osiyana onse, ambiri a iwo a maluwa wamba. Ine sindiwanyoza amenewa. Njuchi zimawakonda kuposa aja odzaza timasamba, amene pakati pake pamabisika. Ndipo mwana mmodzi akakukomerani, ndiye kuti muli ndi dahlia amene kulibenso kwina kulikonse. Musungireni mbatata.

Ambiri a ife tili ndi abale amene amasamala minda ya maluwa ku South Africa, ena ali ndi kamunda kawo ku Britain, ndipo amafunsa pa foni. Muwauze kuti lamulo ndi lomweli, koma mdani amasintha. Ku Johannesburg mvula imagwa nthawi yofanana ndi yathu, koma chisanu cha Juni ndi Julayi chimawaula masamba, choncho abzale chitatha, mu Seputembala kapena Okutobala. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, pamene dahlia ali mtulo, ndiye kumeneko kukumba n'kofunika kwambiri, ndipo m'nyengo yotentha azithirira okha. Ku Britain abzale panja kumapeto kwa Meyi chisanu chitatha, ndipo akumbe mu Okutobala kapena Novembala masamba akangoda, asunge m'malo osaundana. Chimodzi muwaletse: kunyamula mbatata m'chikwama podutsa malire popanda chilolezo. Malamulo a zomera amaletsa, ndipo matenda amayenda motero.

Pempho langa ndi ili. Dahlia wa mitundu yabwino ndi wosowa kuno ndipo ndi wodula, pamene phata limodzi losamalidwa limapereka magawo anayi, asanu kapena kuposa chaka chilichonse. Tikadzakumananso mu Okutobala, aliyense amene ali nawo adzabweretse magawo otsala tidzasinthane. Gawo lililonse lidzakhale ndi diso looneka ndi kapepala konena mtundu wa duwa, msinkhu wake ndi dera limene linalimidwa. Lochokera ku chomera chimene chinali ndi mawanga pamasamba, chonde lisadzafike pano.